Kalendala ya Adiventi ya mabokosi a machesi

Disembala akangolowa, m'nyumba iliyonse momwe muli ana mumabadwa funso lomwe silitha: "Amayi, Khrisimasi kwatsala masiku angati?" Ukayankha kuti milungu itatu, mwana wa zaka zisanu amagwedeza mutu ngati wamva, koma dzuwa lisanalowe wabweranso ndi funso lomwelo. Sikuti ndi wosamva ayi. Milungu itatu sangaigwire m'manja, sangaione ikuchepa. Chomwe iye akudziwa n'chakuti kutsogoloku kuli mpunga wa nkhuku, Fanta ndi malaya atsopano, ndipo akuluakulu akudziwa tsiku lake koma akungomuzengereza. Mungamuuze kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iye adzangofunsa kuti nkhonoyo ili kuti.

Adiventi ndi nyengo yokonzekera Khrisimasi, ndipo kalendala ya Adiventi idapangidwira funso limeneli. Ndi chinthu chokhala ndi timakomo, timatumba kapena timabokosi 24, kuyambira pa 1 mpaka pa 24 Disembala, ndipo tsiku lililonse mwana amatsegula kamodzi kokha. Akafuna kudziwa masiku otsala, amawerenga yekha totsekato. Ife kwathu timapanga tokha ndi mabokosi a machesi, ndipo ndikufuna ndifotokoze mapangidwe ake, komanso chifukwa chomwe ndimakanira kuidzaza ndi maswiti.

Mwambowu ndi wa ku Germany, ndipo udayambira m'manyumba, m'zaka za m'ma 1800, makamaka m'mabanja a mpingo wa Lutheran. Poyamba penipeni panalibe chogula. Makolo ankalemba timizere 24 ndi choko pachitseko, mwana n'kumafufuta kamodzi tsiku lililonse. Ena ankapachika chithunzi chimodzi patsiku pakhoma. M'mabanja a Chikatolika ana ankaika kaudzu kamodzi patsiku m'chodyeramo ziweto cha m'kakhola ka Khrisimasi, kuti pofika usiku wobadwa Yesu akhale ndi pogona pofewa. Mu 1839, ku Hamburg, Johann Hinrich Wichern, yemwe ankasunga ana osauka panyumba yotchedwa Rauhes Haus, adatopa nalo funso lomwe limanditopetsa ineli. Adatenga gudumu lakale la ngolo, n'kuimikapo makandulo ang'onoang'ono ofiira a masiku apakati pa sabata ndi akuluakulu anayi oyera a masiku a Lamulungu. Tsiku lililonse ankayatsa kandulo imodzi yowonjezera. Nkhata ya makandulo anayi yomwe mumaiona kutsogolo m'tchalitchi nyengo ya Adiventi idachokera pagudumu limeneli.

Ya papepala yosindikiza idabwera pambuyo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo dzina lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la Gerhard Lang, mwana wa m'busa wa ku Maulbronn yemwe ankasindikiza zinthu ku Munich. Amati ali mwana mayi ake ankamusokerera timabisiketi 24 pakatoni kuti azidya kamodzi patsiku, ndiye atakula adasandutsa zimenezi malonda. Makalendala ake oyamba analibe timakomo: mwana ankadula chithunzi papepala lina n'kumata pamalo a tsikulo. Timakomo tidadza cha m'ma 1920. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse idaimitsa malondawa chifukwa mapepala adasowa, ndipo mu 1946 Richard Sellmer wa ku Stuttgart adayambiranso kusindikiza. Chokoleti chidalowamo mochedwa, nkhondo itatha kale.

Lero ku Ulaya zinthu zidafika pena. Mchemwali wanga amene ali ku Britain amati Okutobala asanathe mashelefu amakhala atadzaza: ya chokoleti, ya tchizi, ya mafuta onunkhira, ya mowa, ngakhale ya galu. Ndilibe nazo mlandu, ndalama ndi zawo. Koma munthu ukaona mbiriyi umazindikira kuti mayi wolemba timizere ndi choko pachitseko cha ku Ndirande ali pafupi ndi chiyambi cha mwambowu kuposa wogula bokosi lamtengo wapatali ku London. Komanso chokoleti ndi kutentha kwa Disembala wathu sizigwirizana. Pofika pa 10 mukhala mukunyambita pepala.

Pali chinthu china chomwe sindikopera. Ku Hamburg mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, kunja kuli chisanu choopsa, ndiye kandulo yowonjezereka tsiku ndi tsiku imalankhula chinthu chomwe aliyense akuchimva m'thupi. Kwathu kuno Disembala ndi mwezi wa masiku ataliatali, wa mvula, wa ngumbi, bowa ndi mango. Kandulo kwa ana anga imatanthauza kuti magetsi azima. Choncho pakalendala yathu sitimatapo thonje loyerekeza chipale chofewa, kapena kujambula agwape okoka ngolo ya pachisanu. Luka sadalembe za chipale chilichonse. Chaka chatha ana adajambulapo chimanga chongomera kumene ndi mbuzi, ndipo zidakhala bwino.

Tsopano mapangidwe. Vuto loyamba ndi mabokosiwo, chifukwa nyumba imodzi simaliza machesi ochuluka chotero m'mwezi umodzi. Yambani kupempha msanga, Okutobala akamayamba: kwa anansi, kwa mayi wokazinga mandasi, kwa alonda a pageti, kwa anyamata a pachiwaya. Anthu amaseka koma amasunga. Nthawi ikakutherani, gulani mapaketi, mukhuthulire mitengo ya machesiyo m'botolo louma lotseka bwino, musunge bokosi limodzi lokhwatchira. Simunataye kanthu, machesiwo mudzawagwiritsabe ntchito. Yesetsani kuti mabokosi onse akhale a mtundu umodzi, poti ena amasiyana pang'ono kutalika ndipo pomata amakhala okhotakhota.

Bokosi la machesi lili ndi mbali ziwiri, chikuto chakunja ndi kadilowa kam'kati. Tulutsani timadilowa tonse musanakhudze guluu. Mukamata tili m'kati, guluu amalowerera m'mphepete ndipo mawa lake theka la tito silitseguka. Matani zikuto zokhazokha, zinayi zogundizana m'mbali kuti zipange mzere, kenako musanjikize mizere 6. Zikatero mwapeza kakabati ka timadilowa 24 kokwana m'manja awiri. Kakulungeni ndi pepala, muikepo njerwa kapena buku lolemera, kagone choncho usiku wonse.

Za guluu ndinenepo pang'ono. Ambiri tidakula tikumatira mapepala ndi phala la ufa wa chinangwa kapena madzi a nsima, ndipo limagwiradi. Koma ino ndi nyengo ya chinyezi. Phala limachedwa kuuma, limachita chuku, ndipo mphemvu zimalikonda kuposa mmene ana amakondera maswiti. Pitani ndi kabotolo kwa kalipentala wa pafupi, akugawireni guluu woyera uja amamatira matabwa. Wochepa chabe amakwana, ndipo akauma saoneka.

Pomwe pamafunika kudekha ndi pa zogwirira. Bokosi la machesi timalitsegula polikankha kumbuyo ndi chala, koma kalendala ikakhala yotsamira khoma, kumbuyo kulibe polowetsa chala. Kadilowa kalikonse kafunika kachogwirira kutsogolo. Tengani singano ndi ulusi wolimba, mubowole kutsogolo kwa kadilowa kuchokera m'kati, mulowetse ulusiwo m'batani kapena mumkanda, mubwerere m'kati pabowo lachiwiri. Musamange mfundo pakatoni penipeni, chifukwa katoni ya machesi ndi yopyapyala, mwana akakoka kawiri ulusi umang'amba n'kutuluka ndi batani lomwe. Dulani kachidutswa ka mtengo wa machesi, mukagoneke m'kati pakati pa mabowo awiriwo, mumange ulusi mokazungulira. Kamtengoko ndi komwe kamanyamula mphamvu yonse ya kukoka. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo ndi yomwe ana amathawa. Mabatani athu ndi osiyanasiyana, ochokera pamalaya akale a sukulu ndi pajekete ina ya bambo akunyumba yomwe eni ake sanadziwebe kuti idachotsedwa mabatani.

Manambala musavutike kulemba. Kalendala ya pakhoma ya chaka chatha, ija mudapatsidwa kutchalitchi kapena kuntchito, ili ndi manambala osindikizidwa bwino miyezi yonse 12. Dulani 1 mpaka 24, mumate pambali pa batani. Ine ndimawasokoneza dala, 7 pafupi ndi 19, 2 pansi penipeni, kuti mzime wathu, yemwe akuphunzira kumene manambala, azisakasaka yekha. Kunja kwa kakabatiko kutirani ndi katoni yolimba, pamwamba pake chigamba cha chitenje. Matelala amakhala ndi thumba la zidutswa pansi pa makina, ndipo ukapempha mwaulemu sakaniza.

Amene mabokosi awavuta akhoza kusoka timatumba 24 ta zigamba zomwezo n'kutipachika pachingwe ndi mapegi, kapena kupinda timaenvelopu ta mapepala a makope akale. Apongozi anga ataona tikulimbana ndi singano adangoti, "Inu apongozi, zonsezi n'zowerengera masiku basi? Bwanji osangoika njere za chimanga m'kapu, mwana azichotsa imodzi kukacha?" Ndidasowa choyankha, chifukwa ananena zoona, ndipo ndi nzeru yomweyo ya choko pachitseko. Kusiyana kwake n'kwakuti m'kadilowa mumalowa kanthu, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani.

Bokosi la machesi ndi laling'ono, ndipo ubwino wake ndi umenewo. Simungaikemo chidole. Mumalowa kapepala kopinda, switi imodzi, mtedza pang'ono kapena K100 yopindapinda. Limakuletsa lokha kuchita zamatama. Disembala m'nyumba zambiri si mwezi wa ndalama zoseweretsa: pali feteleza wobereketsa, pali aganyu opalira, ndipo fizi ya Januwale yaima pakhomo ikudikira. Kalendala yomwe ifuna mphatso 24 pa mwana aliyense ndi ngongole yodziitanira wekha. Komanso mwana amene walandira mphatso tsiku lililonse kwa milungu itatu amafika pa Khrisimasi atakhuta kale, tsikulo n'kungokhala ngati la 25 pamndandanda. Ine ndimafuna afike ali ndi njala yake. Phindu la kalendalayi lili pa timadilowa tomwe mwana akutiona, akutha kutifikira, koma akudziwa kuti lero si tsiku lake.

Ndiye m'kati mwathu mumakhala timapepala. Kalikonse kali ndi zinthu ziwiri: ndime yaifupi ya m'Baibulo ndi chochita cha tsikulo. Maswiti amapezekamo Lamulungu lokha, ndipo ndimawaika usiku ana atagona, osati pa 1 Disembala, apo ayi nyerere zimatsegula kalendala yonse tsiku limodzi osayang'ana nambala.

Pa za ndimezi, anthu ambiri amalangiza kuti poti Uthenga Wabwino wa Luka uli ndi mitu 24, muziwerenga mutu umodzi patsiku. Kwa munthu wamkulu ndi dongosolo labwino ndithu. Kwa ana sindikuvomereza. Mutu woyamba wokha uli ndi ndime 80, ana amagona Zekariya asanayambe n'kulankhula komwe. Ndiponso kubadwa kwa Yesu mumakumana nako pa 2 Disembala, pamene masiku oyandikira Khrisimasi mukuwerenga za kuperekedwa ndi kupachikidwa kwake. Ine ndimasankha ndime ziwiri kapena zitatu patsiku, zoyenda molunjika ku Betelehemu. Sabata yoyamba ndi ya aneneri: Yesaya 7:14, Yesaya 9:6, Yesaya 40:3, Mika 5:2. Kenako timalowa mu Luka 1 pang'onopang'ono, ndipo nkhani yomwe ana amaikonda koposa ndi ya Zekariya, wansembe wokalamba amene adakayikira mngelo n'kukhala wosalankhula mpaka mwana wake Yohane atabadwa. Tsiku limenelo pachakudya chamadzulo aliyense amayesa kupempha mchere ndi manja okha, ndipo nsima imazizira ndi kuseka. Pambuyo pake Gabrieli kwa Mariya, ulendo wa Mariya kwa Elizabeti, loto la Yosefe pa Mateyu 1:18-25, lamulo la kalembera. Luka 2:1-7 imadikira kadilowa ka 24. Anzeru a kum'mawa sitiwaikamo, nthawi yawo ndi Januwale.

Mwina wina afunsa kuti bwanji kalendala ikuyamba pa 1 Disembala pamene kutchalitchi Adiventi idayamba kale. Nyengo ya Adiventi imayamba Lamulungu lachinayi Khrisimasi isanafike, ndipo tsikuli limasuntha pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala. Mu 2025 ndi pa 30 Novembala, mu 2026 pa 29. Osindikiza adasankha 1 mpaka 24 kuti kalendala imodzi izigwira chaka chilichonse. Wopanga yekha sali womangika. Mukafuna kuyendera limodzi ndi mpingo, onjezerani timaenvelopu ta masiku a Novembalawo pambali. Ife sitivutika nazo.

Zochita za tsiku ndi zomwe zimandidyera nthawi yambiri poganiza, chifukwa ziyenera kukhala zotheka ngakhale tsiku lomwe m'thumba mulibe kanthu. "Lero tiphika chigumu." "Lero tiimbira foni azakhali ku Joni, aliyense alankhule." "Lero mukatungire madzi agogo a kuseri kwa mpanda." "Lero agogo atiuza nthano, wailesi ndi foni zizimitsidwe." "Lero aliyense asankhe chovala chimodzi chomwe chamuchepera, tikapatse wina." Pakati pa mwezi pamakhala kakuti tidzale mtengo, poti nthaka ili yonyowa ndipo mbande zimagwira. Kamodzi kamanena kuti "Lero adadi ndiwo atsuka mbale," ndipo kameneka kamawerengedwa mokweza kuposa tonse. Eni ake amati kalendalayi ili ndi ndale.

Ndimasamala chinthu chimodzi: ntchito za masiku onse sizilowamo. Kusesa pabwalo ndi kusesa pabwalo, sikusanduka mphatso chifukwa chakuti kwatuluka m'bokosi la machesi, ndipo ana amazindikira msanga akamapusitsidwa. Timapepala tofuna ndalama kapena kunja kopanda mvula ndimatiika usiku womwewo ndikaona mmene zinthu zilili. Kulonjeza ulendo wokathyola mango kumudzi tsiku lomwe mvula yagwa usiku wonse ndipo msewu wasanduka phala, ndi kudziputira misozi.

Chomwe ana amachikonda kuposa timadilowato ndi khola. Tidatengera kwa Akatolika a ku Germany aja a kaudzu kamodzi patsiku, koma tidawonjezera zathu. Mvula ikagwa dongo limafewa, ndipo mwana wa kuno safuna kuphunzitsidwa kuumba ng'ombe. Pa 1 Disembala timaika katoni yopanda kanthu pakona ya pabalaza, denga lake la udzu. Tsiku lililonse amene watsegula kadilowa amaikamo chinthu chimodzi chomwe waumba: nkhosa, bulu, mbusa ndi ndodo yake ya kamtengo, mbaula. Zoumbazo ziume pamthunzi, pakhonde, chifukwa padzuwa zimang'aluka, ndipo miyendo ya ziweto imalimba mukalowetsamo timitengo dongo likadali lofewa. Khola lathu limakhala ndi zinthu zomwe ku Betelehemu kunalibe. Mudalowapo minibasi, ndipo mwini wake adalimbikira kuti Yosefe sakadayendetsa mayi woyembekezera wapansi mtunda wonsewo. Chodyeramo ziweto chimakhala chopanda kanthu mpaka madzulo a pa 24. Kamwana kadongo kamaumbidwa msanga, koma ndimakabisa m'kabati ya mbale, ndipo ngakhale mzime amadziwa kuti kameneko sikakhudzidwa.

Mkangano sulephera. Ana atatu pa masiku 24 ndiye kuti aliyense masiku 8, ndipo timalemba chilembo choyamba cha dzina pansi pa kadilowa kuti pasakhale zokangana. Dongosololi limayenda bwino mpaka sukulu zitatsekera, pamene ana a achimwene amafika kudzakhala tchuthi. Mwadzidzidzi ana ndi asanu, masiku otsala ndi ochepa, ndipo eni nyumba ayamba kuwerenga kuti alendo awadyera masiku angati. Walira mvula walira matope. Tidagwirizana kuti tsiku lililonse pakhale ntchito zitatu: wina atsegula, wina awerenga kapepala, wina aika choumba m'khola. Wamng'ono amene sadziwa kuwerenga ndiye amatsegula kawirikawiri, ndipo akuluwo amadandaula, koma ndi madandaulo oti munthu ungagone nawo tulo.

Nanga kusuzumira? Amasuzumira, musadzinamize. Mudzapeza kadilowa ka 20 katatsekedwa mokhota pa 6 Disembala. Sindikalipa kwambiri, chifukwa wosuzumirayo amadzilanga yekha: tsikulo likafika anzake akudumpha ndi chidwi, iye akungoyang'ana kumbali poti akudziwa kale. Nthawi yotsegulira ndi yomwe ndimaumirira. Kwathu ndi madzulo tikatha kudya, onse tili pamodzi. M'mawa aliyense amakhala pa liwiro, ndipo kapepala kowerengedwa munthu akumanga zingwe za nsapato sikamveka. Chochita chomwe chatuluka madzulo chimakhala cha mawa lake ngati chikufuna masana.

Khrisimasi ikadutsa, chotsani timapepala tonse, kakabatiko mukaike m'chitini chotseka kapena m'jumbo yomanga bwino, mukasunge pamwamba pomwe chiswe ndi chinyezi sizifika. Kamatha zaka zingapo, kungosintha mabatani othothoka. Zadongo sitisunga, zimabwerera kudimba, chaka chinacho aumbanso zina.

Chaka chino wachisamba wathu wanena kuti wakula, zotsegula timadilowa ndi za ana. Koma wapempha kuti timapepala ta zochita alembe ndiye, ine ndingosankha ndime. Ndavomera, pokhapokha ndione zomwe walemba zisanalowe m'mabokosi. Wabweretsa kale mndandanda wake papepala la kope, ndipo adadi akutsuka mbale kanayi.